KODI CIFUNDO CINGASINTHE NAMBALA?

 Ine ndine mmodzi wa aja mumawachula amabalani, amene sititsika m'mgodi, koma tikhala mu ofesi ndi kulemba masiku anu ndi maola anu. Ndapempha malo m'kalata yathu ino kuti tiganizire pamodzi funso limene linandisowetsa tulo mwezi wathunthu, ndipo funso lace ndi ili: kodi munthu wacifundo angasinthe nambala kuti athandize mbale wace? Sindinalipeze funso ili m'buku lalikulu ai, pakuti sukulu yanga ya mishoni inathera pa Sitandade 8. Linandipeza lokha pa khomo la cipinda canga, ndipo yankho limene ndiri nalo ndinalitola pansi pa mtengo wa mango, pamene tinali ana ophunzira masamu.

Nkhani yace inayamba cotere. Usiku wina anagogoda munthu wa kwathu, wamkulu kwa ine, amene tinamwa naye madzi a citsime cimodzi. Amai ace anali atamwalira kumudzi, ndipo uthenga unamfika pa foni. Kupita ku maliro sanathe, pakuti mudziwa nonse kuti basi yocoka ku Johannesburg, kudzera pa Beitbridge, ku Harare, pa Nyamapanda ndi ku Tete, itenga masiku awiri, ndipo maliro sadikira wa ku Joni. Tsono iye anangokhala m'cipinda masiku awiri, kulira ndi kuimba foni ndi kufuna ndalama za bokosi, osapita ku nchito, osauzanso kapitao wace. Atatha maliro anakumbuka kuti masiku awiri aja adzadulidwa pa malipiro, ndi bonasi yomwe idzapita. Anakhala pa bedi langa nati, "Mphwanga, iwe ndiwe ugwira buku. Khadi ikakana pa geti si ndiwe umalemba ndi dzanja? Lemba kuti khadi yanga inakana. Masiku awiri okha. Kampani siingasauke nao."

Ine ndinakhala cete nthawi yaitali. Munthu uyu sanali wakuba, sanalinso waulesi; anali mwana wamasiye wa masiku atatu. Ndipo miyambi ya makolo inali kumbali yace, pakuti amati mnzako akapsa ndebvu mzimire, amatinso cibale ndi pfupa, siciola. Ndinati, "Acimwene, ndipatseni usiku uno ndiganize." Ndipo usiku umenewo, m'malo moganiza za buku la kampani, mtima wanga unabwerera ku sukulu.

Ndinayamba Sitandade 1 patapita zaka ziwiri cilengezere boma la Bakili Muluzi, m'caka ca 1994, kuti sukulu ya pulaimale ikhale yaulere. Ana a m'sukulu za m'Malawi anakwera kucokera pafupi 1,900,000 kufika kuma 3,000,000 m'nthawi yocepa, koma zipinda ndi aphunzitsi sizinakwere nao msanga. Cifukwa cace ife a makalasi ang'ono tinaphunzira panja. Bolodi linatsamira pa tsinde la mango, ife tinakhala pa dothi, ena pa njerwa zimene tinabwera nazo, ndipo m'kalasi mwathu tinali oposa 100. Belu linali citsulo ca gudumu la galimoto copacikidwa pa nthambi. M'mawa tinayamba ndi kusesa bwalo ndi masace, kenaka mzere, pemphero, nyimbo ya fuko, ndi kuonetsa zikhadabo. Mbvula ikagwa sukulu inathera pomwepo. Kope limodzi makolo analidula pakati kuti likwanire ana awiri, pensulo nayonso cimodzi-modzi, ndipo wosowa zonsezi analemba ndi cala pa mcenga, aphunzitsi nayendayenda kuconga pansi pomwepo.

Zida za masamu tinapanga tokha. Mwana ali yense anayenera kubwera ndi zitsekerero za mabotolo ndi timitengo todula bwino, ndipo timitengoto tinatimanga ndi luzi khumi-khumi. Kamtengo kamodzi kanali wani, mtolo unali teni. Tinaimba matebulo a kuculukitsa mpaka mau kusasa, ndipo amai opita ku cigayo anali kuwadziwa pongomva ife. Koma phunziro limene linakhazikika mwa ine ndi la kucotsera kobwereka, limene tinaphunzira kwa aphunzitsi acikulire, munthu wosapsa mtima msanga, wa jekete limodzi caka conse, loyera coko m'matumba.

Tsiku lina analemba pa bolodi 52, pansi pace 27, najambula mzere. Anati, "Pa nyumba ya mawani pali 2, ndipo abwera alendo kufuna 7. Kodi zitheka?" Tonse tinakuwa kuti sizitheka. "Nanga munthu akasowa mcere acita ciani?" Tinati apita kwa mnansi. Tsono anatenga mitolo 5 ndi timitengo 2, namasula mtolo umodzi pamaso pathu, timitengo tinakhala 12. Anacotsa 7, panatsala 5. Anatembenuka nafunsa, "Kwa mnansi kwatsala mitolo ingati?" Tinawerenga, inali 4. Anacotsa 2, panatsala 2, ndipo yankho linali 25. Zinaoneka zosabvuta pokhala timitengo m'manja. Koma pamene tinacita m'makope, theka la kalasi linapeza 35, ndi ine ndemwe. Tinabwereka teni kwa mnansi, koma tinaiwala kudula 5 uja kuti akhale 4.

Aphunzitsi sanakwapule munthu tsiku limenelo. Anandiitana ku bolodi nati, "Mwanawe, teni uyu wamtenga kuti?" Ndinati kwa mnansi. "Nanga bwanji mnansi akali ndi 5? Wapatsa mnzako cinthu, koma kumene wacitenga sicinacepe. Kodi ndiwe mfiti?" Kalasi lonse linaseka. Kenaka anatiphunzitsa kuyesa yankho pobwerera m'mbuyo: phatikiza yankho lako ndi cimene unacotsa, uone ngati ufika pamene unayambira. 25 ndi 27 apanga 52, koma 35 ndi 27 apanga 62, ndipo 10 woonjezerayo ndiye mboni yakuti pena pace pali bodza. Anati kubwereka si colakwa, masamu eni ace alola. Colakwa ndico kubwereka ndi kubisa kumene wabwereka.

Mau amenewa ndinawamva ndi makutu okha. Anadzalowa mu mtima m'caka ca 2002, caka ca njala, pamene boma linalengeza m'mwezi wa February kuti dziko liri pa ngozi. Amene munali kumudzi mukumbuka gaga, nthoci zosakhwima ndi zitsa zace, ndi anthu ogulitsa mbuzi pa mtengo wa nkhuku. M'kalasi tinacepa, ndipo obwerawo anali kuodzera. Cifukwa ca kuculuka kwa makope, aphunzitsi anali kutisinthanitsa, ali yense aconge la mnzace, ndipo wopeza pansi pa 5 mwa 10 anatsalira ena akaweruka, kuti abwereze. Ine ndinalandira kope la mnzanga wa pa benci limodzi, amene ndinadziwa kuti kwao sikunafuke utsi dzulo lace. Anapeza 3. Ndinaganiza kuti munthu wanjala kumsunga mpaka dzuwa kupendeka ndi nkhanza, tsono ndinaconga masamu atatu olakwa, ndi kulemba 6. Mnzanga anandiyang'ana ndi maso othokoza, ndipo ine ndinadziona ngati munthu wabwino kopambana. Ndinacita comweco sabata yonse.

Lacisanu aphunzitsi anamuitana ku bolodi, cifukwa anakondwa kuona kuti wayamba kukhoza. Anampatsa samu ya kugawa. Mnzanga anaima ndi coko m'manja, osalemba kanthu, kufikira misozi inayamba kugwa, kalasi lonse likuona. Aphunzitsi anatenga kope lace, naliwerenga tsamba ndi tsamba, nafunsa amene anaconga. Ndinaimirira. Sanandimenye, ndipo masiku ano ndiganiza kuti cikwapu cikadandipepukira. Anati, "Iwe wayesa kuti wampatsa 3. Wamtenga kuti 3 ameneyo? Wamtenga kwa iye mwini. Sabata yonse ine ndayenda ngati wakhungu, kuyesa kuti mwana uyu wamva, ndipo masiku asanu amene ndikadamthandiza wawadya ndiwe." Cilango canga cinali cakuti pa buleki iri yonse ndikhale naye pansi ndi timitengo kufikira adziwe kugawa. Ndipo patapita masiku ndinaona cinthu cina cimene aphunzitsi sanafune kuti tione: otsalira aja anali kuwatengera kuseri kwa nyumba yao, kumene amai a kunyumba kwao anawagawira phala la gaga, la m'thumba lao lomwe, m'caka cimene ngakhale aphunzitsi anamanga lamba. Munthu yemweyo amene anakana kuonjeza 1 pa kope anacotsa pa mbale ya ana ace.

Tsono, abale, ndibwerere ku bedi langa la kuhositelo. Funso la aphunzitsi linandiimira pamaso: masiku awiri amenewa udzawatenga kuti? Acimwene anati kwa kampani, ndipo kampani siingamve kuwawa. Tiyeni tiyese yankho limeneli pobwerera m'mbuyo, monga tinaphunzirira.

Coyamba, buku la pa geti siliri lokha. Munthu wotsika pansi atenga nyali ku nyumba ya nyali, ndipo kumeneko nakonso kulembedwa; kapitao nayenso ali ndi buku la gulu lace. Ndikalemba kuti munthu anatsika, pamene nyali yace inagona pa malo pace masiku awiri, ndiye 62 uja watulukira pamene payenera kukhala 52. Owerengera mabuku akafika adzafunsa, ndipo mlandu wace suli wa kujomba ai, koma wa cinyengo, umene ucotsa nchito anthu awiri tsiku limodzi. Potero masiku awiri aja ndikadawabwereka kwa ana a acimwene ndi kwa ana anga, amene sanafunsidwe.

Koma wina adzati, "Nanga ukadadziwa ndithu kuti sudzagwidwa?" Funso ili ndi labwino, pakuti munthu woleka cinthu cifukwa ca mantha okha sanaleke, wangodikira mdima. Ndiyankha kuti ngakhale pamenepo teni uja acokera kwa wina. Ganizani nchito ya buku limeneli. Pa tsiku la mtendere liwerenga ndalama, koma pa tsiku la ngozi liwerenga anthu. Pa 16 September 1986, pamene moto unabuka m'mgodi wa Kinross, anafa anthu 177. Pa 21 January 1960, ku Coalbrook, mgodi unagwera anthu oposa 430. Pa tsiku lotere funso loyamba ndi lakuti atsika angati, atuluka angati, atsala ndani, ndipo opulumutsa alowa mu utsi kapena aleka kulowa potsata nambala imene apatsidwa. Buku limene alembi azolowera kulembamo anthu amene palibe, ndi geti limene anthu azolowera kudindirana makhadi, sizingakhulupirike pa ola limene moyo wa munthu utsamira pa izo. Ndibvomera kuti masiku awiri apitawo sakadapha munthu. Koma mlembi sakhala ndi manja awiri, lina lonama pa tsiku la mtendere, lina loona pa tsiku la moto. Dzanja ndi limodzi, ndipo licita cimene lazolowera.

Pali cinanso cimene ife anyamata tiiwala. Agogo athu ndi atate athu anabwera kuno ndi Wenela, ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodi ya dziko lino anali oposa 100,000, kufikira ndege ya Wenela inagwa ku Francistown pa 4 April 1974 ndi kupha anthu oposa 70, Dr Banda naletsa kulemba anthu. Ambiri a iwo anabwerera kumudzi ndi pfumbi la mwala m'cifuwa. M'caka ca 2018 makampani a migodi ya golide anabvomera kulipira anthu odwala matenda a pfumbi ndi cifuwa cacikulu, khoti linabvomereza mgwirizanowo mu 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso linakhazikitsidwa kuti ligawe ndalamazo, pafupi marandi 5 biliyoni. Tsono nkhalamba ya ku Dedza kapena ku Mzimba, kapena mkazi wamasiye, pofuna gawo lace afunsidwa ciani? Afunsidwa umboni wakuti munthuyo anagwira mgodi uti, zaka ziti. Umboni umenewo ndiwo mizere imene mabalani wina wosadziwika analemba zaka 50 zapitazo, atatopa, osadziwa kuti alikulemba cakudya ca ana amasiye. Pamene analemba bwino, wosauka ali ndi poimira. Pamene analemba mwaulesi kapena mwacinyengo, wosauka abwerera manja ali m'khosi. Wolemera ali ndi maloya. Wosauka mboni yace ndi buku loona basi.

Apa ndiyenera kumva mau a iwo amene sadzagwirizana nane, ndipo ndiwadziwa, pakuti tidya nao nsima. Iwo ati, "Iwe mabalani ulankhula ngati masamu a eni migodi ali oongoka. Kodi sunaone ovataimu ikusowa pa pepala la malipiro? Kodi sunaone ndalama zodulidwa zimene munthu sazidziwa mutu wace? Akulu akhotetsa nambala ndi mafosholo, ndipo iwe uletsa wamng'ono kukhotetsa ndi sipuni." Sindikana. Ndaona zolakwa zotere ndi maso anga, ndipo ndaona kuti colakwa copweteka wanchito cicedwa kukonzedwa kuposa colakwa copweteka kampani. Ndibvomeranso kuti lamulo lingathe kukhala louma, monga kusunga mwana wanjala kufikira madzulo kunali kouma. Koma taonani cimene citsatira. Ngati ovataimu yanu yasowa, mudzaitenga ndi ciani? Mudzaitenga ponena kuti buku la pa geti liti maola akuti, pepala la malipiro liti maola akuti, ndipo ziwirizi sizigwirizana. Mphamvu yanu yonse iri pa mau akuti nambala siinama. A yuniyoni akakhala pa tebulo ndi mabwana, cida cao ndi comweco. Tsono ife tikayamba kunena kuti nambala ingapindike pamene pali cifukwa cabwino, tathyola mkondo wathu womwe, pakuti ao ali ndi zifukwa zambiri kuposa ife, ndi alembi ambiri kuposa ife. Pa mpikisano wa kunama wosauka sapambana. Cobweza ca masamu okhota si masamu ena okhota, koma kuima ndi kunena mokweza kuti samu iyi yalakwa, tiibwereze pamaso pa onse.

Ena adzati, "Ngati ziri conco, masamu alibe mtima, ndipo iwe wasanduka makina." Ili ndilo bvuto limene linandibvuta koposa, cifukwa ndidziwa alembi amene abisala kuseri kwa buku. Munthu akabwera ndi misozi, iwo angoti, "Lamulo ndi lamulo," natseka zenera, napita kukadya ndi mtima woyera. Amenewa sananame, koma sindingawachule olungama. Iwo ali ngati mwana amene aona 2 kucotsa 7 nalemba kuti sizitheka, naika pensulo pansi. Aphunzitsi athu sanalole yankho lotere. Sizitheka pa nyumba ya mawani pokha, koma samu yonse itheka, ukapita kwa mnansi poyera ndi kudula pamene watenga. Ndiganiza kuti kusiyana kwa cifundo coona ndi cifundo cabodza kuli pamenepa. Zonse ziwiri zipatsa wosowa. Koma cifundo cabodza cipatsa za mwini wina, mobisa, ndipo wopatsayo satayapo kanthu, angolandira kuthokozedwa, monga ine ndi 6 wanga uja. Cifundo coona cidziwika ndi ici, cakuti pa nyumba ya wopatsayo 5 wasanduka 4, ndipo iye adziwa, nabvomera. Inu owerenga Buku mukumbuka mwini munda wamphesa wa pa Mateyu 20, amene analipira ocedwa mofanana ndi olawirira; sanalembe kuti anabwera m'mawa ai, anangotsegula thumba lace la iye mwini.

M'mawa mwace ndinapita kwa acimwene ndi kuwauza kuti sindidzalemba. Nkhope yao inagwa, ndipo anandiuza mau amene sindidzawalemba pano. Ena a mauwo anali akuti sukulu yandicotsa umunthu. Ndinapirira, ndi kuwauza cimene ndikadayenera kukumbuka usiku womwe uja, ndikadapanda kudodoma. Lamulo la nchito la dziko lino, la caka ca 1997, lipatsa wanchito amene wakhala pa nchito kupitirira miyezi 4, nagwira masiku osacepera 4 pa sabata, chuthi ca masiku 3 pa caka colipidwa, mwana wace akadwala, kapena akamwalira mkazi, mwamuna, kholo, gogo, mwana, mdzukulu kapena mbale wa bere limodzi. Ndipo bwana aloledwa kufunsa umboni. Ambiri a inu simulidziwa lamulo ili, ndipo ife alembi tiri ndi mlandu posakuuzani. Tinaimba foni kumudzi, alongo ao anajambula kalata ya imfa ndi kuitumiza pa WhatsApp, ine ndinalemba pempho, ndipo tinapita tonse awiri kwa kapitao ndi kwa a ofesi ya anchito. Kumeneko anadzudzulidwa cifukwa cosanena msanga, ndipo ine ndinaima nao pamene anali kudzudzulidwa.

Musayese kuti zonse zinatha bwino ngati nthano. Masiku awiri aja analipidwa, koma mocedwa, pa mwezi wotsatira, ndipo bonasi inapita ndithu. Pakati pamenepo panali dzenje, ndipo acimwene anali atayamba kale kuganiza za katapila. Apanso masamu a pansi pa mango anagwira nchito. Ndinatenga pepala ndi kuwaonetsa: mukatenga R1,000 kwa munthu wofuna 50 pa 100 iri yonse pa mwezi, mwezi ukatha ngongole iri R1,500, mukalephera, mwezi waciwiri iri R2,250, wacitatu iri R3,375. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Madzulo ace tinaitana a kwathu a mu mdadada wathu, tinalipo 9, ndipo ali yense anaika cimene anatha, dzina ndi ndalama zolembedwa poyera pa tsamba la kope. Ine ndinaika zimene ndinasungira nsapato za sukulu za mwana wanga wamkazi, ndipo mwanayo anayenda ndi zakale teremu ina. Pamenepo ndinadziwa kumene teni anacokera, pakuti ndinamva kupweteka kwace. Acimwene analandira, koma kwa masabata atatu sanandipatse moni. Tsopano tilankhulana, ngakhale sindidziwa ngati mu mtima mwao anandimasula konse. Sindiwaweruza, munthu wolira amai ace safuna phunziro la masamu, ndipo kapena ine ndinalankhula mouma pamene ndikadayamba ndi kukhala nao pansi.

Tsono yankho langa pa funso lija ndi ili. Cifundo sicingasinthe nambala, pakuti nambala ndi mboni ya cimene cinacitika, ndipo mboni yokondera lero idzakondera wina mawa. Koma cifundo cingasinthe amene alipira, ndipo nchito yace ndi imeneyo. Cikhoza kufufuza lamulo limene munthu sanalidziwe, cikhoza kuyenda naye ku ofesi, cikhoza kutsutsa lamulo louma poyera, ndipo zonse zikalephera cikhoza kumasula mtolo wace. Makolo anati kupatsa nkuika. Koma munthu aika cace, saika ca mwini.

Ndisanatsirize ndipempha zinthu zitatu. Inu anzanga a pansi, musamangopinda pepala la malipiro ndi kuliika m'thumba. Sungani kakope, lembani tsiku liri lonse ola lotsika ndi ola lotuluka, ndipo mwezi ukatha yesani samu pobwerera m'mbuyo: ndalama zimene mwalandira, pamodzi ndi zonse zodulidwa, ziyenera kufika pa malipiro onse olembedwa pamwamba. Zikapanda kufika, bwerani pa zenera, musaope, ndipo amene kuwerenga kumbvuta abwere ndi mnzace. Palibe manyazi pamenepo. Inu alembi anzanga, tisayese kuti nchito yathu yatha pamene takana colakwa. Munthu asacoke pa zenera tisanamuuze njira yoona imene iripo. Ndipo inu nonse amene muli ndi ana ku sukulu kumudzi, mukaimba foni Lasabata musafunse kokha kuti wakhala nambala cani m'kalasi. Muuzeni atenge kope, akucotsereni 27 pa 52, ndipo akayankha mumfunse kumene teni wamtenga. Mwana amene aphunzira kudula 5 kuti akhale 4 waphunzira kanthu kamene kadzamsunga pa sikelo ya fodya, pa msika, pa ofesi, ndi kuno ku Joni akadzafika.

Aphunzitsi aja anamwalira ine ndiri kuno, ndipo nanenso sindinathe kupita ku maliro ao. Mnzanga wa pa benci uja agula ndi kugulitsa soya ndi mtedza pa msika wa kwathu, ndipo amai anga ati anthu akonda sikelo yace. Tsalani bwino nonse, mutsike ndi kutuluka mwamtendere.

Ndine wanu,
Mlembi wa pa mgodi.